Mpando wa Eness

"Ukanilola, Eness, uzankhala pa mpando monga madamu wolemela wa ku Kabulonga," analonjeza Ezekiel pomufunsira, mutu wake usanachite dazi.

Ana anabadwa mpaka kukwatira, Eness akuluka anthu tsitsi pamsika wa Chelstone ali chilili. Mitsempha ya m'miyendo inatupa n'kupotana kuposa malukidwe ake omwe. Nesi wa kukiliniki anachita kumukalipira: "Amai, muzinkhalako pansi, mendo pamwamba. Mukapanda kumvela, apa pazabwela chilonda chosapola."

Ezekiel atamva, manyazi anamugwira. Loweruka anatulukira pasaluni ya Eness atasenza mpando wachikopa, wozungulira, amayi a pamsika akumuombera m'manja ngati wabwera ndi galimoto.

"Ba Ezekiel, kansi munakumbukila!" anatero Eness, misozi ili m'maso. Anapukuta mpandowo ndi chitenje chake, natembenuka kuti akhale.

Pomwepo panalowa mtsikana wa zikhadabo zazitali, akugwedeza makiyi ku chala.

"Shani, ba sisi! Nkhalani apa, ni wanyowani," anatero Ezekiel pomulonjera mtsikanayo, akumukankhira mpandowo. "Iwe Eness, kasitoma alindila."

Eness anatola chipeso, naima kumbuyo kwa mpando.