Telala Amene Anati Amalize Kaye Diresi

Panali munthu wina, mayi wosoka zovala, amene anali ndi kashopu m'mbali mwa msewu, pakati pa wometa ndi wokonza mafoni. Nkhaniyi ndi yoona, amene anandiuza ndi mchemwali wake weniweni.

Mayiyu anali woyembekezera, mimba yachiwiri, mwezi wachisanu ndi chitatu. Mwana wa m'mimbamo sankakhala phee. Amake akangoponda makina, naye amayamba kuponda nthiti. Mwamuna wake anali wopenta nyumba. Akaweruka ankadzera kushopu, n'kugwada, n'kuika dzanja pamimba.

"Bwana, mwaswera bwanji m'menemo? Lero mwawamenya kangati amanu?"

"Chotsani dzanja la penti, mundidetsera nsalu ya eni," ankatero mkaziyo, koma osalichotsa.

Kusikelo, azamba anali atalangiza amayi oyembekezera kuti mwana aliyense ali ndi kasunthidwe kake, ndipo akasintha, akachepetsa kapena akangoti zii, mayi asadikire mawa. Telala uja anamva, koma mumtima anati, izi akuuza atsikana a mimba yoyamba, ine ndinaberekapo.

Sabata ina analandira diresi ya mkwatibwi, ukwati uli pafupi. Anaponda makina m'mawa wonse. Dzuwa litafika pamutu anazindikira kuti nthiti zake zili pamtendere. Anadya, anamwa madzi, anasisita mimba. Mwana anangogwedezeka pang'ono ngati munthu wotopa.

Nthawi yomweyo panalowa mayi wina wachilendo wodzasoketsa zipi ya chikwama. Ataona telala akusisita mimba anafunsa, ndipo telala anafotokoza.

"Musadandaule, amwali," anatero mlendoyo. "Mwana akakula malo amachepa, ndiye amangogona. Ine ndabereka asanu. Ameneyo akusunga mphamvu za ulendo."

Mawuwo anamukomera telala, chifukwa ndi amene ankafuna kumva. Anabwerera pamakina.

Mwamuna atafika anagwada monga mwa masiku onse. Anaitana, anaimba kamluzu. Palibe chinachitika.

"Lero bwana sakundiyankha. Ayamba liti?"

"M'mawa. Wagona basi, malo amuchepera. Andiuza amayi ena odziwa."

"Amayi ake ati? Tiyeni kuchipatala."

"Bambo, taonani diresili, manja ndisanalumikize. Ndimalize kaye, tipita mawa masana."

Mwamunayo sankakonda kukangana ndi mkazi wake, makamaka ali wotopa chonchi. Anangoti chabwino.

Kutacha mwamuna analawira kuntchito, mkazi kushopu. Koma ali pamwamba pa makwerero mtima sunakhazikike. Ankapenta malo amodzimodzi mpaka penti kuyenderera. Anatsika, anasiya bulashi m'chitini, n'kuuza kapitawo kuti kunyumba sikuli bwino.

Kushopu anapeza mkazi wake atawerama pamakina, singano ili pakamwa.

"Wasuntha?"

Mkaziyo anapukusa mutu. Maso anali ofiira.

 Bamboyo anawerama, anavula lamba wa makina, n'kumupinda, n'kumuika m'thumba la ovolosi.

"Bambo, mwapenga?"

"Ndapenga, mayi. Tengani nsalu yanu tizipita. Mkwatibwi ndikamupepesa ndine."

Kuchipatala, mzamba atangomva kuti mwana wachepetsa kusuntha kuyambira dzulo, sanawaimike pamzere. Anamugoneka mayiyo n'kumvetsera. Mtima wa mwana unkagunda, koma unkati ukagunda bwino, n'kumatsika. Atamuunika anapeza kuti madzi a m'chiberekero achepa ndipo nsengwa yodyetsa mwana yatopa, mwana sakulandira chakudya ndi mpweya wokwanira. Dokotala anati mwanayo atuluke lero lomwe, pa opaleshoni.

Telala anayamba kulira. "Ndamupha mwana wanga chifukwa cha diresi."

Mzamba anamugwira dzanja. "Simunaphe munthu, mayi. Mtima ukugundawu mukuumva nokha. Mwabwera, tsopano tisiyireni ife."

Mwamuna anatsala pabenchi panja. Ankaimirira, n'kukhala, n'kuimiriranso. Wokolopa anachita kumupempha kuti asankhe chimodzi.

Anabadwa mwana wamkazi, wamng'ono kwambiri, ndipo poyamba sanalire. Anamwino anamupukuta, anamupatsa mpweya, mpaka kanamveka kamawu ngati ka mphaka. Anamutengera kuchipinda cha ana osakhwima. Dokotala anauza bamboyo mosabisa kuti akanagonanso tsiku lina, bwenzi akukamba nkhani ina.

Mayi atatsitsimuka anapeza mwamuna wake ali pambali pa bedi, akuuzira tiyi kuti azizire.

"Mwamuona?"

"Ndamuona. Mphuno ndi yanu, mwatsoka. Koma akupuma yekha."

Mayiyo anaseka, chilonda chinamupweteka, kenaka misozi inatsika. "Bwanji simukundikalipira?"

"Ndikukalipireni bwanji? Dzulo ndinamva ndi dzanja langa kuti mwana wangoti zii, ndipo ndinapita kukagona. Tikayamba kukalipirana, anamwino atitulutsa tonse awiri."

Mwanayo anakhala m'chipatala masabata angapo. Amake ankamufungatira pachifuwa, ndipo akatopa ankamulandira abambo ake, atavula malaya, ali duu pampando ngati anyamula dzira. Tsiku lotuluka, mzamba uja anawaperekeza mpaka pakhomo. Telala anamukumbatira pothokoza. Lero mwanayo akuthamanga, ndi wonenepa, ndipo amene sakudziwa sangakhulupirire kuti ndi yemwe uja.

Phunziro: Mayi woyembekezera, mwana wanu mumamudziwa ndinu. Mwana sasiya kusuntha chifukwa choti nthawi yayandikira. Akachepetsa, akasintha kapena akangoti zii, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, musamvere zonena za m'njira ndipo musati ndimalize kaye ntchito. Kuli bwino akakubwezeni kuti zonse zili bwino. Abambo, musachite manyazi kuumirira. Tumizani nkhaniyi kwa mlongo wanu, mlamu wanu ndi aliyense amene ali ndi woyembekezera pakhomo.