Tungani Kaye Madzi

Chiikireni apolisi makina omvera phokoso pamjigo pathu, anthu akangokweza mawu pamodzi makinawo amati ndi zionetsero, basi madzi amatsekedwa sabata yonse. Ndiye kuno maliro timalira mosinthana, chitenje chili kukamwa.

Mwamuna wanga Yotamu anamuwombera apolisi omwewo akuchokera kuchigayo, ufa uli panjinga. Mtembo utafika, mlongo wake Nasiwelo anandigwira dzanja.

"Mlamu, mulire chamumtima. Ana amwa chiyani?"

"Kodi achimwene anuwa anali nkhuku?"

Ndinauza amayi onse kuti akatunge kaye, adzaze ndowa, miphika ndi mabeseni omwe. Ndinadikira pakhonde mpaka womaliza atatula. Kenako ndinalira ndi pakhosi ponse, ndipo woyamba kundithandiza anali Nasiwelo.