Msomali wa Haji Ghanim

Saqr anali atazungulira galimoto yofiira ija kangapo, maso ali pa loko wa paboneti.

Galimotoyo ndiyo inabala kampani yonse. Kalekale bambo ake, Haji Ghanim, ali makaniko wa m'kagaraja ka malata, anakwera nayo phiri la mchenga la m'chipululu cha Liwa mpaka pamwamba pampikisano wa magalimoto, anzawo onse injini zitawaphulikira m'njira. Okalamba mpaka lero amalumbira kuti inabangula moti ngamila zinadula zingwe. Kuyambira tsikulo mwana aliyense wa mpondamatiki ankafuna kuti injini yake ipatsidwe ukali kwa Ghanim. Malata aja anasanduka nyumba ya magalasi. Ngakhale msomali umene mkuluyo ankayenda nawo m'thumba unajambulidwa pachikwangwani, ati ukuimira kulimba. Koma boneti ya galimoto yofiira anaikhoma loko, kiyi n'kupatsa mkazi wake.

Chimwalirireni mkuluyo, zinthu zinayamba kuthina. Saqr analemba mainjiniya ochokera ku Germany, anagula makompyuta, ndipo ankasula injini mpaka mkati. Magalimoto ankathamangadi, koma ofika pamwamba pa phiri lija anali ochepa. Kasitomala wamkulu wotsala anali atanena poyera kuti yake ikaphulikanso pampikisano wa sabata yamawa, asamukira kwa amakaniko ena ku Sharjah. Saqr anali ndi mantha.

Mayi ake anali phee pampando wa alendo, akumwa khofi ndi zipatso za kanjedza.

"Amayi, kiyi uja. Kampani ikufa ine ndikuona."

"Bambo ako anati pasatsegulidwe."

"Bambo akupuma, amene ali pamoto ndine! Injini zanga zikuphulika ngati mbuliwuli. Ndingoona zimene anachita m'menemo, ndikopere basi."

Mayiwo anamasula kiyi pangodya ya mpango wawo.

"Wafuna wekha, mwanawe."

Loko anavuta ndi dzimbiri, koma anagonja. Saqr anatchula dzina la Mulungu, nakweza boneti mwaulemu ngati akuvundukula maliro. Anawalitsa tochi uku ndi uku. Anayang'ananso. Injini inali wamba, monga inachokera kufakitale, utoto wa pamabawuti uli wosakandika. Anagwada n'kusuzumira kunsi. Paipi ya utsi inali ndi timabowo tokhatokha.

"Bambo ako injini ankaiopa ngati njoka," anatero mayiwo akudzithirira khofi wina. "Ankangoboola paipi ndi msomali uja, anthu n'kulipira phokoso, akumwetulira. Woyamba kugwiradi injini m'banja muno ndiwe."