Mapadi a Buleki a Alamu

Amene wanditumizira nkhaniyi akuti inachitikadi. Iwerengeni mpaka kumapeto.

Panali bambo wina wokonda njinga yamoto kwadzaoneni. Anzake a m'gulu la okonda njinga ankamutchula kuti Mkokomo, chifukwa anaboola ekizozi kuti izilira kwambiri, moti akamabwera agalu a mumsewu wonse ankayamba kuuwa. Anaikapo magetsi abuluu pansi pa thanki, magalasi atsopano ndi mpando wachikopa. Koma mapadi a buleki anali atatheratu. Akagwira buleki kunkamveka kwee, chitsulo chikukhulana ndi chitsulo chinzake.

"Bwana, mapadi awa atha," makaniko wa pagalaja anamuuza. "Musinthe musanapite patali."

"Ndisintha, ndisintha. Zosaoneka zimenezo zikhoza kudikira."

Tsiku lina mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, anafika pa njinga ya mtundu womwewo. Ankapita kutali ku maphunziro a kuntchito, ndipo kunyumba kwake kunalibe mpanda.

"Alamu, ndisungireni iyi. Ndangoikitsa kumene mapadi atsopano kwa makaniko wanu uja."

"Pitani mtima uli m'malo, alamu. Palibe aikhudze."

Loweruka lotsatira gulu lija linali ndi ulendo wa kumapiri. Lachisanu masana Mkokomo anayang'ana njinga ziwirizo zitaima pakhonde, maganizo n'kumubwerera. Anatenga masipanala, anamasula mapadi atsopano a mlamu wake n'kuika pa njinga yake, otha aja n'kumangirira pa ya mlamu. Mkazi wake, amene anali telala wosokera pakhomo, anatuluka n'kuona zitsulo zili mbwee pakatoni.

"Nanga ya achimwene mukuimasuliranji?"

"Ndikungoipukuta fumbi. Za njinga zisiyeni mayi, simungazimve."

Mumtima ankati akabwerako abweza. Ulendo unayenda bwino, anzake mpaka kumuombera m'manja mmene ankadulira makona. Atabwerako anati abweza mawa. Mawa lake anati Loweruka. Mapeto ake anaiwaliratu.

Mlamu uja anabwerako m'mawa wina osanena, Mkokomo ali kuntchito. Anapeza mlongo wake atalongedza madiresi, akukapereka kwa makasitomala m'tauni.

"Kwerani chemwali, ndikakusiyeni."

Msewu wa kumeneko ndi wotsetsereka, kumunsi kwake kuli mphambano. Kutsogolo kwawo lole inaima mwadzidzidzi. Mlamu anagwira buleki, njinga inangolira osaima. Anaikhotetsa kuti asalowe kunsi kwa lole, n'kukagwera mu ngalande ya simenti. Iye anangosupuka mawondo, koma mlongo wake anathyoka mkono wamanja.

Mkokomo atathamangira kuchipatala anapeza mkazi wake atamuika kale chikhakha. Pambali pa bedi panali apongozi ake aakazi, mlamu uja ndi anzake ena a m'gulu. Mlamu anali atalusa.

"Makaniko uja ndi mbava! Anandiikira mapadi akutha n'kundinamiza kuti ndi atsopano. Ndamulalatira pagalaja pake, makasitomala onse akumva. Mawa ndikamumangitsa."

Wina wa anzakewo anati watumiza kale chithunzi cha mapadiwo pagulu lawo la pafoni, kuti anthu asamapitenso kumeneko.

"Alamu, mawa tipitire limodzi kupolisi," anatero mlamu. "Inu mumamudziwa bwino munthuyu."

"Eya," anayankha Mkokomo, "tipita."

Mkazi wake anamuyang'anitsitsa kwa kanthawi. Kenako anafunsa motsitsa mawu:

"Abambo, tsiku munkapukuta fumbi lija, munamasula chiyani pa njinga ya achimwene?"

Mkokomo anafuna kuseka, koma kuseka kunakana. Anayang'ana nsapato zake.

Mlamu anatuluka panja. Anapita pamene Mkokomo anaimika njinga, anagwada pa tayala lakutsogolo n'kusuzumira, n'kuona mapadi ake atsopano aja. Atabwerako sanakalipe.

"Mukanangopempha, alamu. Ine ndikanakupatsani njinga yonseyo."

Kwa Mkokomo, bola akanamumenya mbama. Apongozi ake anangotembenuza nkhope n'kuyang'ana kukhoma, anzake aja n'kumatuluka mmodzimmodzi osatsanzika.

Mawa lake ulendo wa kupolisi unasanduka wa kugalaja. Mkokomo anaima pakati pa njinga za anthu, chisoti chili m'manja, n'kufotokoza zonse. Makaniko anamvetsera uku akupukuta oyilo m'manja.

"Ndamva, bwana. Koma dzina langa lalowa kale m'mafoni a anthu kuti ndine wakuba. Mukalitsata konseko?"

Madzulo ake Mkokomo anaona kuti amuchotsa pagulu la pafoni lija.

Mkazi wake anachira, koma zala zake sizigwiranso bwino ngati kale. Amasokabe, pang'onopang'ono. M'mawa mwamuna wake akamanyamuka, amamuitana ali pamakina:

"Abambo, tandilowetsereni ulusi mu singano."

Sanamukumbutsepo za tsiku lija ngakhale kamodzi. Iye amalowetsa ulusiwo maso ali pansi, n'kutuluka mwakachetechete.

Phunziro: Chinthu chimene mnzako wakusungitsa usachikhudze mwakabisira, ngakhale ukuti ubweza mawa, chifukwa sudziwa amene adzakwerepo. Konza mabuleki usanagule zokongoletsa. Ndipo ukalakwa ulula msanga, wosalakwa asanyozedwe m'malo mwako. Tumizirani nkhaniyi m'bale wanu kapena mnzanu aliyense amene amayenda pa njinga yamoto, mwina ipulumutsa mkono wa wina.