Chifunga cha pa Nsipe

Atangodutsa pa Nsipe, Enelesi anaona kuti batire ya kagalimoto kake kamagetsi yatsala pang'ono kutha. Chifunga cha mu Juni chinali chitaphimba msewu, ndipo bambo ake, amene ankathamangira nawo kuchipatala pa Boma, ankanjenjemera pambali pake.

"Hitayi ikudya moto, bambo. Ndikapanda kuzimitsa sitikafika."

"Zimitsa, mwanawe. Chisanu cha ku Joni sichinandiphe."

Anazimitsa n'kuchepetsa liwiro. Posakhalitsa galasi lakutsogolo linagwira nthunzi, msewu osaonekanso bwino.

Bambowo anavula chipewa chawo chaubweya n'kuyamba kupukuta galasilo, dazi lili pamtunda.

"Valani chipewacho, bambo, chifuwa chikula."

"Iwe yang'ana msewu," anatero akutsokomola, n'kupitiriza kupukuta mbali ya mwana wawo yokha.