Anatulutsidwa ndi Yani?

Felesita anafika pa tchalitchi cha ku Gadzema atapanira tambala m'khwapa. Dzulo lake mgodi unagumukira mwamuna wake Lameki, ndipo tsopano anali m'chipatala ku Gatooma, mwendo wothyoka koma moyo ulipo.

"Bambo, amuna anga anawatulutsa ndani? Ndabwera ndi nkhuku yomuthokozera."

Bambo Inyasio, wansembe wochokera ku Sipeini, anayamba ayankha m'chinenero chakwawo. "Fue sacado." Kenako anayesa Chinyanja chawo chothyokathyoka. "Anatulutsidwa, mayi."

"Ndamva. Ndi yani?"

"Kwathu timatha kunena choncho, osatchula munthu."

"Kwathu munthu satulutsidwa ndi mphepo, Bambo. Nkhukuyi sindibwerera nayo kukomboni."

Tambala uja anaphupha n'kupulumuka. Wansembeyo, amene nthawi yonseyi anali atabisa manja kumbuyo, anamuwakha asanaganize. Zala zawo zinali zokulunga nsanza, zikhadabo ziwiri panalibe, ndipo dothi lofiira la mumgodi linali lisanachoke m'mabala.

Felesita anawayang'anitsitsa manjawo. Kenako anagwada, n'kuwomba m'manja pang'onopang'ono.

"Mwamulandira kale, Bambo. Musamusiye."