Mtengo wa Denga la Eni

A Mateyu sankagula chinthu osachiyeza ndi mkono. Kaya ndi ukonde, thabwa kapena chitenje cha mkazi wawo Frances, ankayamba atambasula dzanja. Sankaphonya.

N'chifukwa chake Frances anadabwa pamene wa njinga yamoto anatsitsa mtengo wa Khirisimasi wapulasitiki, umene a Mateyu anagula, pakhomo pawo ku Khuyu. Atauimika pabalaza, nsonga yake inagunda malata n'kupindika. Anausunthira pakati, pamene denga lakwera, koma unakanabe.

Nyumba ya denga lalitali chotere, imene a Mateyu ankalowamo osaodira, Frances ankaidziwa imodzi yokha: ya Pemphero, mayi wa golosale ku Chipyela.

A Mateyu atafika, anaima pakhomo.

“Wabweretsa kuno ndani?”

“Kuno? Nanga umayenera kupita kuti, bambo a Tiyanjane?”

“Iwe, usayambe. Wa njinga uja wasokoneza. Wanu ndi waung'ono, ukubwera.”

“Wathu. Ndiye kuti ilipo iwiri.”

A Mateyu anayang'ana nsonga yopindikayo. “Ndiuchotsa mawa.”

“Unyamuleni lero. Mwiniwake wasesa kale pouika.”

Anaunyamuladi. Asanatuluke, anayamba awongola nsonga ija ndi zala, mosamala, ngati akusisita mutu wa khanda.

Frances anawaona akukhotera njira ya ku Chipyela. Analowa kuchipinda, napinda zovala zake ndi za mwana wake Tiyanjane, n'kutseka chikwama.

“Vala nsapato, Tiya. Khirisimasi tikadyera kwathu ku Mbungo.”